Galu Wokalamba Apeza Khomo Lake

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani nkhani ya galu. Ndidziwa kuti ena adzaseka, nadzati: Kodi aphunzitsi asowa chonena? Koma tcherani khutu, pakuti m'nkhaniyi ine ndemwe ndinachimwamo, ndipo ndinaphunziramo kanthu.

Pa mudzi wina wakutali ndi mishoni panali gogo wamasiye, mkhristu wokhulupirika, amene anali ndi galu, dzina lake Mwaiwala. Monga mudziwa, kwathu kuno dzina la galu limakhala mawu oponyera anthu. Gogoyo anamutcha chotero chifukwa ana ake anapita ku tauni naleka kudzamuona. Galuyo anakhala naye zaka 11. Pamene gogo anamwalira, abale anagawana mbuzi, nkhuku, mphika ndi khasu lomwe, koma Mwaiwala palibe anamufuna. Anatsala yekha pakhonde la nyumba yotseka.

Patapita milungu ingapo, galuyo anaonda, nthiti zili pamtunda, makutu odzaza nkhupakupa, nayamba kuzembera madeya pa mitondo ya anthu. Tsono mbiri inabuka kuti wachita chiwewe. Tsiku lina Loweruka, pofika ine kudzaphunzitsa katekisimu, ndinapeza anyamata atamuzinga ndi zibonga. Ndinapita kwa mfumu ya mudzi kukapempha kuti andipatse masiku ochepa, ndipo mfumu inalola.

Musayese kuti mantha a anthuwo anali achabe. Chiwewe chimalowa m'thupi ndi malovu a nyama yodwala, makamaka ikaluma, ndipo zizindikiro zikangooneka pa munthu, kuchira kumakhala kosatheka pafupifupi nthawi zonse. Chifukwa chake wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nathamangire ku chipatala tsiku lomwelo. Katemera wake alipo kuyambira chaka cha 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa naye mnyamata Joseph Meister ku France. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu mu mzinda wa Blantyre, pakuti odziwa amati agalu 7 mwa 10 alionse akatemeredwa, matendawa amaleka kufala.

Chotero sindinamugwire ndi manja. Ndinamukopa ndi nsima, ndi kumuveka chingwe, ndi kumumanga payekha kuseri kwa nyumba yanga, kumene ana safika. Mlangizi wa ziweto anadza kudzamuona, nati timuyang'anire masiku 10, popeza galu amene malovu ake ali kale ndi chiwewe sapyola masiku amenewa osaonetsa matenda. Masiku anakwana, Mwaiwala akudya ndi kumwa bwino. Pamenepo mlangizi anamubaya katemera, nati: "Aphunzitsi, matenda a galu uyu ndi awiri okha, njala ndi ukalamba."

Apa mpamene panayambira vuto lenileni. Kupulumutsa galu ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kumupezera khomo lokhazikika ndi ntchito ina. Ine sindikanatha kumusunga, pakuti masiku ambiri ndimakhala pa njinga kuyendera midzi, ndipo galu wathu wamng'ono ankamulanda chakudya ndi kumuluma. Vutoli nlakale. Mu 1860 mayi wina, Mary Tealby, anatsegula ku London nyumba ya agalu osokera ndi anjala, imene pambuyo pake inasamukira ku Battersea, ndipo anaitcha nyumba yongoyembekezera, podziwa kuti galu afunika mwini wake. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA nalonso limafunira makomo agalu otayika. Koma anthu ambiri amasankha kamwana ka galu, ndipo wokalamba amatsalira.

Tsono imvani kulakwa kwanga. Pofuna kutula katundu msanga, ndinabisa zaka zake. Poyamba ndinamupereka kwa mnyamata wosaka akalulu. Atatha masiku 4 anamubweza, nati galu wake sathamanga. Kachiwiri ndinamupereka kwa mwini golosale amene ankafuna mlonda. Iyeyo anamumanga ndi unyolo padzuwa, ndipo ataona kuti galuyo samva bwino ndipo sauwa usiku, anamumasula namupirikitsa. Ndinamufunafuna masiku awiri, kufikira ndinamupeza atagona pakhonde la gogo wake uja, miyendo itatupa ndi ulendo. Ndinachita manyazi pamaso pa Mulungu, pakuti ine wophunzitsa ana lamulo lachisanu ndi chitatu ndinali nditanamiza anthu awiri, ndipo wolangika anali wosalakwa.

Lamulungu lotsatira, atatha mapemphero, ndinaimirira ndi kunena zoona zokhazokha: kuti galuyo wakalamba, sasaka, salonda, mano anaperepeseka, maso achita khungu, ndipo kapena watsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Anthu anangoti zii. Pamenepo nkhalamba ina yamasiye, yoyenda ndi ndodo, inakweza dzanja, niti: "Aphunzitsi, inenso sindithamanga, ndipo mano anandithera kale. Bwerani naye, tidzamvana."

Ulendo uno sindinafulumire. Ndinapita kwawo kukakhala pansi ndi banja lonse, ndipo ndinafunsa: "Agogo, mukadwala adzamudyetsa ndani? Nanga Ambuye akakuitanani inu poyamba, adzatsala ndi yani?" Mwana wawo wamkazi anadandaula, nati: "Aphunzitsi, chimanga chachepa chaka chino, kodi tilande ana nsima kuti tipatse galu?" Mayiyo sanalakwe. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, wa chaka cha 1992, pa ndime 2416 kufikira 2418, aphunzitsa kuti nyama ndi zolengedwa za Mulungu zoyenera kuchitiridwa chifundo, ndi kuti kuzizunza popanda chifukwa nkosayenera ulemu wa munthu. Koma aphunzitsanso kuti nkosayenera kutayira pa nyama chuma chimene chikadathandiza anthu osauka. Tinagwirizana tsono kuti galu adzadya mkute ndi phala la madeya, kuti mabanja atatu oyandikana adzasonkha madeyawo, ndi kuti mdzukulu wamkulu ndiye adzatenge galuyo agogo akalephera.

Wina wa inu akafuna kulandira galu wotere, asunge izi. Chakudya chikhale chofewa, mkute wonyowetsa ndi msuzi kapena mitu ya usipa. Mafupa ophika a nkhuku asapatsidwe, chifukwa amathetheka nabaya m'mimba. Madzi akhale pafupi masana onse. Agone pa chiguduli pouma, pamthunzi nthawi ya dzuwa ndi potchinga mphepo m'miyezi yozizira, pakuti mfundo za galu wokalamba zimapweteka monga za munthu. Muzimuchotsa nkhupakupa, ndipo achikatemera akafika musamubise. Ana aphunzitsidwe kuti asamudzidzimutse ali mtulo, popeza galu wosamva bwino akadzidzimuka angathe kuluma. Koposa zonse, amene sangamusunge kufikira imfa yake asamutenge.

Buku la Tobiti litiuza kuti pa ulendo wa Tobiyasi ndi mngelo Rafaele galu anatsagana nawo, popita ndi pobwera pomwe. Ndipo akhristu akale amasimba za Roch Woyera wa ku Montpellier, amene timakumbukira pa 16 Ogasiti, kuti atadwala mliri yekha m'thengo, galu ndiye ankamutengera buledi. Ngati Mulungu anatumikira anthu ake mwa cholengedwa chotere, ife tisachitaye pamene mphamvu zake zatha.

Lero Mwaiwala wanenepa pang'ono. Lamulungu amatsata mbuye wake pang'onopang'ono kufikira pakhomo la tchalitchi, nagona pansi pa mtengo wa mango kufikira mapemphero atatha. Dzina lake sitinalisinthe. Ndikamva nkhalamba ija ikuliitana madzulo, ndimakumbukira gogo amene analitcha, ndipo ndimadzifunsa ngati m'midzi mwathu mulibe okalamba ena, anthu obatizidwa, amene akhala pakhonde kudikira ana awo. Abale, mwezi uno aliyense akayendere mmodzi.

Ndine wanu mwa Khristu,
Mphunzitsi wa Katekisimu.