Msinkhu ndi Thupi la Ana Athu a Sukulu

Ife amene tinayamba kugwira choko m'chaka cha 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, timakumbukira bwino ana amene anadzaza makalasi athu nthaŵi imeneyo. Ambiri anali aafupi ndi oonda, kotero kuti mwana wa zaka 9 ankaoneka ngati wa zaka 6. Amene anali ndi mwayi ankabwera ndi mkute, mbatata yootcha kapena chimanga chokazinga m'thumba. Ena ankabwera m'mimba muli pululu, ndipo pofika 10 koloko anali atayamba kuodzera.

Vuto limenelo, lotchedwa kupinimbira, silinathe. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 m'Malaŵi muno anali opinimbira. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 37. Kutsika kulipo ndithu, ndipo phala la likuni limene bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka m'dziko muno mu 2002 lathandiza ana ambiri kukhala m'kalasi mosaodzera. Komabe mwana mmodzi mwa atatu akadali wotsalira pa msinkhu.

Tsono pamzere womwewo wa m'maŵa tayamba kuona mwana wa mtundu wina, makamaka m'matauni ndi m'malo a malonda. Iyeyu yunifolomu imamuthina, ndipo akathamanga pang'ono amapuma ŵefuŵefu. Sali yekha pa dziko lapansi. Bungwe la World Health Organization linalengeza kuti mu 1975 ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 onenepa mopitirira muyeso anali 11 miliyoni. Mu 2016 anafika 124 miliyoni, ndipo mu 2022 anakwana 160 miliyoni. Mu 2025 bungwe la UNICEF linanena kuti, kwa nthaŵi yoyamba, ana a msinkhu wa sukulu onenepa motere achuluka kuposa oonda, ngakhale kuti kuno ku Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara oonda akadali ambiri.

Makolo anzathu, apa ndi pamene mwambo wathu ungatinamize. Tinakula tikumva kuti mwana wonenepa ndiye wodyetsedwa bwino, ndipo agogo akamnyamula nalephera, amasekerera nati, "Uyu ndiye mwana!" Sitiŵadzudzula, pakuti iwo anaona njala ndi maso awo. Koma kunenepa ndi kukula si chinthu chimodzi. Msinkhu umamangidwa makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Chimene chatayika pamenepo n'chovuta kuchibweza. Mwana wopinimbira akayamba kudya zotsekemera ndi zamafuta ali ku sukulu, thupi silionjezera kutalika kwenikweni, limangosunga mafuta. Chotero m'nyumba imodzi mungapezeke njala ndi kunenepa pamodzi, ngakhalenso mwa mwana mmodzi yemweyo. Ndipo mwana wonenepa kwambiri kaŵirikaŵiri amakula nako kunenepako, n'kudzakumana msanga ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Chimene chasintha tikuchiona pa chipata cha sukulu. Pamene kale pankakhala amayi ogulitsa mtedza, nthochi ndi chinangwa, lero pali tchipisi, mabisiketi, maswiti ndi zakumwa zozizira za m'timapepala. Kholo lothamangira ku ntchito limangompatsa mwana ndalama, mwana n'kusankha chokoma pa lilime. Masana, amene akanaseŵera phada, fulaye kapena mpira wachikulunga ali khale pa wailesi yakanema kapena pa foni ya mkulu wake. (Ifenso aphunzitsi tisadziyeretse: nthaŵi ya maseŵera timakonda kuisandutsa ya masamu mayeso akayandikira.)

Inu achinyamata, azing'ono anu amatengera zimene muli nazo m'manja. Akakuonani ndi botolo la chakumwa chotsekemera tsiku lililonse, nthochi adzaiyesa chakudya cha anthu osauka.

Chotidandaulitsa china n'chakuti mwana akakwanitsa zaka 5 amaleka kupita ku sikelo, ndipo khadi lake limaiŵalika m'sutikesi. Ku England ana amayezedwa msinkhu ndi kulemera kwao ku sukulu kaŵiri, poyamba ali ndi zaka 4 kapena 5, kenaka ali ndi zaka 10 kapena 11. Ife pa sukulu pathu tilibe sikelo, koma tajambula mizere ndi choko pa khoma la Sitandade 1, ndipo kumayambiriro kwa teremu iliyonse timalemba msinkhu wa mwana aliyense m'kaundula. Sikelo talonjezedwa kubwereka ku chipatala chaching'ono teremu ikubwerayi.