Piritsi limathetsa mantha kapena limangowagoneka?

Mvula ikayamba kulira pa malata usiku, alipo anthu amene tulo timawathera pomwepo. Amene adaona matope akutsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, akudziwa zomwe ndikunena. Matope adauma kalekale, koma thupi silidamve kuti zidatha. Wina ndi uja adapulumuka pa ngozi ya minibasi. Lero akangomva kondakitala akuitanira, mtima uli thi thi thi, m'manja muli thukuta, miyendo yazizira. Amalolera kuyenda wapansi maola awiri kusiyana n'kukhalanso pampando uja.

Munthu wotere akadandaula, alangizi sasowa. "Iwe kagule ka diazepam, ungomwa kamodzi, ukwera bwinobwino." Ndipo n'zoona, akamwa amakweradi. Koma nanga sabata yamawa, kapiritsi katatha?

Chithandizo chomwe chaonetsa mphamvu kwambiri pa mantha a mtundu umenewu si cha m'botolo. Achipatala amachitcha exposure therapy, ndiye kuti kumuyandikizitsa munthu ku chinthu chomwe amachiopa, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, pamalo poti choopsa chenicheni palibe. Mmodzi mwa amene adayala maziko ake ndi dokotala wa ku South Africa, Joseph Wolpe, yemwe adayamba ndi amphaka ku Johannesburg asanalembe buku lake mu 1958. Amphakawo adawaopseza ndi magetsi mpaka ankakana kudya ali m'khola lomwe adazunzikiramo. Iye adayamba kuwadyetsera m'chipinda china chosafanana nalo, kenako n'kumawasendeza pang'onopang'ono, mpaka adadzadyera m'khola lomwe lija.

Kwa wa minibasi uja, zimayenda chonchi. Tsiku loyamba angoima pa depoti, osathawa, mpaka mtima utakhazikikako. Tsiku lina akhale m'minibasi yoima. Kenako akwere siteji imodzi, n'kutsika. N'zowawa, musanamizidwe, ndipo ambiri amasiyira panjira. N'chifukwa chake akatswiri akhala akufunafuna mankhwala oti azipeputsa ntchitoyi.

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Mantha akale safufutika mu ubongo ngati choko pa bolodi. Chomwe chimachitika n'choti ubongo umalemba phunziro latsopano pambali pa lakalelo: ndidakwera, ndidaopa, ngozi siidachitike. Kuti phunziroli lilembedwe, munthu ayenera kuwamva manthawo, n'kuona yekha kuti zomwe amayembekezera sizidabwere. Mukawazimitsa manthawo ndi piritsi, ubongo ulemba zina: ndidapulumuka chifukwa cha piritsi.

Izi zidayesedwapo. Mu 1997, Frank Wilhelm ndi Walton Roth a ku Stanford ku America adatenga amayi 28 oopa kukwera ndege. Theka adawapatsa alprazolam, m'bale wake wa diazepam, theka lina piritsi lopanda mankhwala. Paulendo woyamba, omwa alprazolam adati mantha awo adali ochepa. Patatha sabata onse adakweranso, ulendo uno popanda chomwa. Zinthu zidatembenuka. Amene sadamwe mankhwala poyamba paja adapezako bwino, pomwe mwa amayi 14 a alprazolam, 10 adagwidwa ndi mantha aakulu obanikitsa. Paulendo woyamba adali mmodzi yekha. Kafukufuku wake ndi wochepa, inde, koma madokotala ambiri othandiza anthu a mantha amatengapo chenjezo. Onjezani kuti mankhwala a gulu limeneli amasokoneza kukumbukira, komanso thupi limawazolowera pakangopita masabata ochepa, muona chifukwa chake ine malangizo a "ungomwa kamodzi" sindigwirizana nawo.

Tsono ofufuza ena adafunsa funso lina. M'malo mogoneka mantha, bwanji osapeza mankhwala othandiza ubongo kusunga phunziro lija? Yankho lidachokera kosayembekezeka. Cycloserine ndi mankhwala akale a TB, omwe amaperekedwa kwa odwala TB yosamva mankhwala wamba. Zidapezeka kuti amagwiranso pa timalo ta m'maselo a ubongo totchedwa NMDA, tomwe timafunika pophunzira ndi kukumbukira. Gulu la Michael Davis ku yunivesite ya Emory lidaona mu 2002 kuti makoswe opatsidwa mankhwalawa ankasiya msanga mantha omwe adaphunzitsidwa. Mu 2004, Kerry Ressler ndi Barbara Rothbaum adayesa pa anthu oopa malo okwera. Adawaveka magalasi a kompyuta oonetsa ngati ali m'chikepe cha magalasi chokwera nyumba yosanja, kawiri kokha, atamwa piritsi limodzi maola ochepa phunziro lisanayambe. Ali m'chikepemo mantha adawamva ndithu, mankhwalawo sadawachotse. Kusiyana kudaoneka pambuyo pake: omwa D-cycloserine adali ndi mantha ochepa kuposa anzawo, ngakhale patadutsa miyezi itatu.

Chisangalalo chidali chachikulu, koma sichidakhalitse. Mu 2017 akatswiri adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 21, wokhudza anthu oposa 1,000, n'kupeza kuti phindu lilipo koma ndi laling'ono. Chochititsa chidwi kwambiri kwa ine ndi chomwe Jasper Smits ndi anzake adaona mu 2013. Mankhwalawa sasankha chosunga. Phunziro likatha munthu mantha atatsika, amalimbitsa zabwinozo. Likatha munthu akunjenjemerabe, akhoza kulimbitsa manthawo. Ali ngati simenti: wathira pa maziko okhota, wakhwimitsa kukhotako.

Ndipo pasapezeke wina wothamangira kukapempha cycloserine kwa m'bale wake wodwala TB, chonde. Pa kafukufuku wa mantha ankapereka kamlingo kochepa, kawirikawiri mamiligalamu 50, kangapo kokha. Pa mlingo wa TB, womwa tsiku ndi tsiku, mankhwalawa amatha kusokoneza mutu komanso kukomola. Wodwala TB akamagawa mapiritsi ake, matenda ake ndi omwe amakhwima.

Alipo mankhwala enanso omwe tikuwadziwa ndi ntchito ina: propranolol, wa BP. Merel Kindt wa ku yunivesite ya Amsterdam adaonetsa anthu oopa akangaude kangaude wamkulu kwa mphindi ziwiri zokha, n'kuwapatsa mamiligalamu 40 pambuyo pake. Maganizo ake ndi oti chikumbukiro chikadzutsidwa chimakhala chofewa kwa maola ochepa chisanasungidwenso, ndipo mankhwalawa amalepheretsa mantha kusungidwa nacho. Mu lipoti la 2015, ambiri adafika pomukhudza kangaudeyo. Koma ena atayesa njirayi pa mantha a mitundu ina, zotsatira zake zidali zosakanikirana. Komanso kwa munthu wa mphumu, propranolol ndi woopsa.

Kodi ndiye kuti mankhwala alibe malo? Ali nawo. Pali munthu amene nkhawa yamufoola mpaka sagona, sadya, satuluka m'nyumba. Ameneyu kumuuza kuti akaime pa depoti n'kungotaya nthawi. Mankhwala monga fluoxetine kapena sertraline, omwe amamwedwa tsiku lililonse ndipo amayamba kugwira pakapita masabata angapo, amatha kumutsitsira nkhawayo kufika poti ayambe maphunziro aja. Samugoneka ngati diazepam, ndiye ubongo umaphunzirabe. Komabe ambiri amene amangodalira mapiritsi okha, akawasiya mantha amabwerera, pomwe zomwe munthu waphunzira poyang'anizana ndi mantha ake zimakhalitsa.

Kuno kwathu vuto lagona poti piritsi n'losavuta kupeza kuposa munthu wodziwa kutsogolera maphunzirowa. Akatswiri a za maganizo ndi owerengeka, ndipo malo odziwika ndi omwe aja, chipatala cha amisala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Namwino amene ali ndi mzere wofika panja sangapeze ola lathunthu loperekeza munthu mmodzi ku depoti. Komatu exposure therapy siifuna makina. Imafuna munthu wophunzitsidwa bwino, ndondomeko ya masitepe, ndi wodwala wobwererabwerera. Zokhudza ngozi yaikulu ngati ya Freddy, zomwe zimabwera ndi maloto oipa ndi kudzidzimuka, zimafuna katswiri, osati kuyesa wekha kunyumba.

Amene mwamwa kale diazepam kwa miyezi, musasiye lero ndi lero chifukwa mwawerenga nkhani ino. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kunjenjemera, kusowa tulo, nthawi zina ngakhale kukomoka. Mlingo umatsitsidwa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira. Mukapita kukaonana naye, mumufunsenso ngati pachipatalapo pali wina amene angakhale nanu pansi n'kulemba masitepe, kuyambira pa kungoima pa depoti paja.