Kabauti Kakang'ono Kangathe Kupha Injini

Mzinda wa Tlhabane uli pafupi ndi Rustenburg, m'chigawo cha North West ku South Africa, ndipo mpaka chaka cha 1994 unali mbali ya Bophuthatswana. Derali limadziwika ndi migodi ya pulatinamu, komanso lili ndi minda ya zipatso, mpendadzuwa ndi makola a ng'ombe. Ku Rustenburg komweko kuli malo a kafukufuku wa fodya ndi thonje a bungwe la Agricultural Research Council. Poyendera minda yotereyi, ambiri amakwera njinga yamoto ya mateyala anayi, imene imadutsa m'matope ndi m'miyala momwe galimoto imalephera.

Vuto limene amakaniko amakumana nalo kawirikawiri pa njingazi ndi kutha kwa mazinga a pabowo lotulutsira oyilo. Bauti yotseka bowolo ndi yachitsulo cholimba, pamene thupi la injini ndi la aluminiyamu, chitsulo chofewa. Munthu akamanga mopyola muyeso, kapena akailowetsa mopendekeka, bautiyo imadya mazinga a m'bowo. Chizindikiro chake n'chakuti imangozungulira osagwira, ndipo pansi pomwe njinga yagona pamapezeka madontho akuda.

Madonthowa sayenera kupeputsidwa. Injini ya njinga yotere imanyamula malita awiri kapena atatu okha a oyilo. Bauti ikagwa m'njira, oyilo yense amatha m'mphindi zochepa, zitsulo zimatentha n'kugwirana, ndipo injini imafa. Ngati ndi nyengo yobzala kapena yopima mbewu m'minda yoyesera, ntchito ya chaka chonse imasokonekera chifukwa cha kanthu kotchipa.

Njira zokonzera zilipo zitatu. Ngati mazinga angophwanyika pang'ono, makaniko amawawongola ndi chida chosemera mazinga cha muyeso womwewo, n'kuika bauti ndi washala zatsopano. Ngati atheratu, ena amaika bauti yokulirapo imene imadzisemera yokha mazinga. Njira imeneyi ndi yachangu koma ingang'ambe aluminiyamu ngati khoma lake ndi lopyapyala. Njira yodalirika ndi kukulitsa bowo pang'ono, kusema mazinga atsopano, ndi kulowetsamo kachitsulo ka mazinga monga Heli-Coil kapena Time-Sert, kuti bauti ya muyeso wakale igwirenso.

Pa ntchito imeneyi pafunika kusamala zinthu ziwiri. Choyamba, chida chiyenera kulowa chowongoka, chifukwa bowo lopendekeka silikhazika washala bwino ndipo oyilo amadonthabe. Chachiwiri, tizidutswa ta aluminiyamu tisatsalire m'injini. Amisiri amapaka girizi wambiri pa chida chosemera kuti tizidutswato timamatire, amachitulutsa pafupipafupi n'kuchipukuta, ndipo pomaliza amathira oyilo pang'ono bowo lili lotsegula kuti atsuke zotsalira. Zomatira ndi nsanza zokulunga pa bauti zingathandize kufika kunyumba, koma si kukonza.

Alangizi a ku Malaŵi, Zambia ndi Mozambique, amene ambiri amayenda pa njinga zamoto za mateyala awiri, adziwe kuti injini zawo zili ndi chofooka chomwechi. Posintha oyilo, bauti iyambe kulowetsedwa ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Washala asinthidwe nthawi zonse, pakuti wakale akaphwatalala amachititsa munthu kumanga molimbitsa. Mphamvu yomangira ikhale imene yalembedwa m'buku la njingayo. Pa njinga zambiri za Honda ndi pafupifupi 25 N·m.

Oyilo wakale asatayidwe pansi kapena m'ngalande. Ku South Africa bungwe la ROSE Foundation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994, limalimbikitsa ntchito yotolera oyilo wotere kuti akonzedwenso. Kumene kulibe otolera, asungidwe m'chigubu chotseka bwino, kutali ndi zitsime ndi madimba.