Mtedza wodikira chimanga

Lowani m'minda ya mtedza ku Mchinji mwezi wa February. Munda wina masamba aphimba nthaka yonse, mzere osaoneka. Mukangodumpha malire, mtedza wapinimbira, masamba achita chikasu n'kukwinyika, ndipo mukazula phando limodzi simupezamo kanthu. Alimi amati ndi kadukutu, ena amati khate. Dothi ndi lomwelo, mvula ndi yomweyo. Mwini munda woyambawo anabzala ndi mvula yoyamba, mnzake anabzala Khirisimasi itapita.

Sikuti wochedwayo ndi waulesi ayi. Mvula ikangogwa banja lonse limathamangira chimanga, kenako kuwokera fodya. Mtedza, umene m'midzi yambiri amautenga ngati mbewu ya amayi, umadzabzalidwa manja atalema kale. Tsono kadukutu amafalitsidwa ndi nsabwe za m'mbewu, zomwe zimachuluka dzinja likakhazikika ndipo zimakopeka ndi munda wamipatamipata, woonekera dothi. Mtedza wochedwa zimaupeza ukadali wanthete. N'chifukwa chake alangizi amaumirira zobzala msanga, mothithikana, mbali zonse ziwiri za mzere.

Mtundu wa mbewu nawo uli ndi masiku ake. Chalimbana, wa njere zikuluzikulu uja agogo amautama, amafuna masiku 140 mpaka 150. Mukaubzala mu January, mvula imadula usanakhwime, zotsatira zake mphwephwa zokhazokha, komanso chuku chimalowa mosavuta mu mtedza wofota ndi ng'amba. CG7 wofiira, amene anatulutsidwa mu 1990, ali ndi mafuta ambiri ndipo ogula amaufuna, koma kadukutu akabwera amauwononga. Nsinjiro amapirira matendawa. Ndi chipatso cha kafukufuku wa ku Chitedze, komwe bungwe la ICRISAT lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 1982. Kakoma ndi Baka amacha m'miyezi itatu kapena inayi, choncho amayanjana ndi madera a mvula yochepa ngati a m'mbali mwa nyanja. Koma nawo ali ndi khalidwe lawo: mukachedwa kukumba mvula n'kubwereranso, amamerera pansi pomwepo.

Zonsezi zimathandiza munthu amene akudziwa chomwe wanyamula. Ambiri mbewu amagula kwa mavenda pamsika, yoyeza ndi mbale, kapena amatapa yotsala chaka chatha. M'beseni limodzi mumapezeka wofiira, wotuwa, wamkulu ndi waung'ono. Ukamera, wina amakhwima mnzake akadali madzi okhaokha, koma khasu limalowa tsiku limodzi.