ZIMBABWE: Dzina la mwana pakati pa mabanja ochokera ku Malawi ku Mhangura

MHANGURA – Mwana akabadwa m'banja la Achewa, sapatsidwa dzina tsiku lomwelo. Iye ndi mayi ake amayamba akhala m'chikuta, kutanthauza kubindikira m'nyumba kwa pafupifupi sabata imodzi, kufikira mchombo utagwa. Akatuluka m'chikutamo m'pamene amametedwa tsitsi lobadwa nalo, kuonetsedwa kwa abale ndi anansi, ndi kutchedwa dzina.

Mwambowu sulira m'busa, shehe kapena nyumba yopemphereramo. Ndi nkhani ya pabanja, ndipo amauyendetsa ndi amayi achikulire. Mabanja ena pambuyo pake amakabatiza mwanayo, pamene Asilamu, omwe ambiri mwa iwo ndi Ayao, ali ndi mwambo wawo wa tsiku lachisanu ndi chiwiri. Koma kutuluka m'chikuta kuli ndi ntchito yakeyake: kulengeza kuti pabwera munthu, ndipo ali ndi eni ake.

Nkhani ya eni akeyi ndi imene imavuta ku Mhangura, tauni ya m'boma la Makonde m'chigawo cha Mashonaland West, kumpoto kwa Chinhoyi. Tauniyi inakula chifukwa cha mgodi wa kopa womwe unatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950, ndipo yazunguliridwa ndi mafamu a fodya ndi chimanga a dera la Doma. Monga m'migodi ndi m'mafamu ena a ku Mashonaland, ambiri mwa antchito ake anali ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique. Ena anadza wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku bungwe lolemba antchito lomwe Amalawi ankalitcha Mthandizi. Ochuluka sanabwererenso kwawo. Kumudzi ankawatcha matchona.

Kumudzi, wotcha dzina amadziwika mwana asanabadwe n'komwe. M'madera ambiri mwana woyamba amatchedwa dzina ndi akuchimuna, wotsatira ndi akuchikazi, ndipo kawirikawiri mwayiwu umagwera agogo, azakhali kapena amalume. Wotcha dzinayo sabwera chimanjamanja: amapereka nkhuku, ndalama kapena kachovala, ndipo kuyambira pamenepo amayembekezeka kumuyang'anira mwanayo pamene akukula. Ngati wamupatsa dzina lake lenileni, awiriwo amakhala pa ubale wapadera moyo wawo wonse.

Pakomboni ya mgodi kapena ya famu, agogo ndi amalume anali kutali, kutsidya kwa Zambezi. Choncho anthu anapanga ubale ndi amene anali nawo pafupi. Munthu wa mfunda umodzi, kaya Phiri, Banda kapena Mwale, ankasanduka mbale ngakhale kwawo kukhale kwina. Wochokera boma limodzi, Dedza kapena Ntcheu, ankaima m'malo mwa malume. Mzamba wa pakomboni ankagwira ntchito ya agogo aakazi. Ubale womwewu ndi umene unkaika maliro ndi kuchirikiza magule, kuphatikizapo Gule Wamkulu, yemwe amavinidwabe m'migodi ndi m'mafamu a dziko la Zimbabwe.

Maina enieniwo amasunga mbiri. Mavuto, Masautso ndi Misozi amanena za nyengo imene mwana anabadwira. Pilirani ndi Limbani amalankhula kwa makolo. Chimwemwe ndi Tadala ndi chiyamiko. Pamene amuna achimalawi anakwatira akazi achishona, nyumba imodzi inayamba kukhala ndi Kondwani ndi Tendai. Mwana yemweyo amatha kukhala ndi dzina lachichewa la panyumba, lachishona la kusukulu ndi lachingerezi la pachiphaso. Makalaliki nawonso ankalemba maina monga anawamvera, kotero kuti m'banja limodzi dzina la bambo limapezeka litalembedwa mosiyanasiyana, chinthu chomwe chimadzavutitsa ana pofuna kutsimikizira ubale wawo ku ofesi.

Chaka cha 2000 chinasokoneza zonsezi. Mgodi wa Mhangura unatsekedwa, ndipo chaka chomwecho boma linayamba ndondomeko yofulumira yolanda mafamu a azungu ndi kuwagawa. Antchito ambiri a m'mafamu anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo amene makolo awo anachokera kunja analibe mudzi wothawirako. M'ndale za nthawiyo ankanyozedwa kuti ndi anthu opanda mutupo, liwu lachishona lotanthauza mfunda, ngakhale kuti Phiri ndi Banda ndi mifunda yakalekale. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina kudzera mwa makolo anayenera kukana unzika umenewo, apo ayi ataye wa Zimbabwe. Ambiri a m'mafamu sanachite zimenezi, ena chifukwa sanamve n'komwe, ena chifukwa chosowa ndalama ya ulendo wa ku Harare.

Apa m'pamene mwambo wa panyumba umakumana ndi lamulo. Dzina lotchedwa potuluka m'chikuta ndi lokwanira kwa abale, koma boma limazindikira lokhalo lolembedwa pa chiphaso cha kubadwa. Lamulo la Zimbabwe limati mwana alembetsedwe pasanathe masiku 42. Kuti zitheke pamafunika umboni wa kuchipatala ndi zitupa za makolo. Mwana wobadwira panyumba amafunika mboni. Mayi wopanda chitupa amavutika kulembetsa mwana wake, ndipo mwanayo akadzakula vutolo amalipatsiranso ana ake. Wopanda chiphaso amavutika kulemba mayeso a boma, kupeza ntchito yolembedwa, kutenga pasipoti ndi kuponya voti.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza mbali ina. Gawo 81 limati mwana aliyense ali ndi ufulu wopatsidwa dzina lake ndi la banja, komanso wolandira chiphaso cha kubadwa mwamsanga. Gawo 43 limati munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanakhazikitsidwe, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndi nzika mwa kubadwa ngati ankakhala m'dzikomo panthawiyo. Malawi, Zambia ndi Mozambique onse ali m'bungweli.

Komabe zolembedwa ndi zochitika zinatalikirana. Kafukufuku wa bungwe la boma loona za chiwerengero la ZIMSTAT wa 2019 anapeza kuti pafupifupi theka lokha la ana osakwana zaka zisanu ndi amene analembetsedwa. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti zidzukulu za antchito ochokera m'maiko oyandikana nawo zili m'gulu la anthu okhala ngati alibe dziko, ndipo linatchula chiyerekezo cha bungwe la UNHCR cha anthu pafupifupi 300,000 amene anali pachiopsezo chotere. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala 2022 boma linatumiza alembi m'madera onse kukapereka zitupa ndi ziphaso za kubadwa kwaulere, koma nakonso kumeneko wopita kukalembetsa mwana ankafunsidwa kaye umboni wa makolo ake.