MAMA K, AMBUYA OGULITSA NDIWO AMENE SITINGAWAIWALE

Ife a kuno ku cigwa ca Luangwa tinakulira pa nthano. Madzulo moto ukayaka pabwalo, ambuya ankati "Panangokhala," ife ndi kuyankha kuti "Tili tonse." Lero ana athu a ku Mfuwe, kwa Jumbe ndi kwa Msoro akumva nthano zina, zocokera m'mafoni ndi pa wailesi yakanema. Makolo ambiri timadandaula kuti makatuni akuononga ana, koma ndi owerengeka a ife amene anakhalapo pansi ndi kuonera limodzi nawo. Ife tinayesa kutero, ndipo m'sewero lina tinakumana ndi mai wacikulire amene mpaka lero sanacoke m'maganizo mwathu. Dzina lao ndi Mama K.

Sewero la kwathu kuno

Seweroli limachedwa Supa Team 4. Ndi imodzi mwa nthano zopeka za sayansi, zimene zimasimba za masiku am'tsogolo ndi makina amene sanapangidwebe. Nthano zambiri zotere zimacitikira ku America kapena kumwamba pakati pa nyenyezi, koma iyi ikucitikira mu Lusaka wam'tsogolo. Amene anaipeka ndi Malenga Mulendema, mai wa muno m'Zambia. Iye anafotokozapo kuti pamene anali mwana ankakonda makatuni, koma sankaonamo ngwazi yofanana naye khungu kapena yokhala m'dziko longa lake.

M'caka ca 2015, nthano yake inali pakati pa zisanu ndi zitatu zimene kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town inasankha pa mpikisano wa alembi a mu Africa. Kampaniyi inagwirizana ndi ina ya ku London yochedwa CAKE, zithunzi zoyamba za anthu ake anajambula ndi Malcolm Wope wa ku Cameroon, ndipo alembi a magawo ake anali akazi okhaokha a mu Africa. Nyimbo yotsegulira anaimba ndi Sampa the Great, mwana wa Zambia yemwe. Seweroli linayamba kuoneka pa Netflix pa 20 July 2023, ndipo cigawo caciwiri cinatuluka mu December caka comweco.

Ngwazi zake ndi atsikana anai a pa sukulu ya sekondale ya Kamiji: Komana, Monde, Temwe ndi Zikomo Phiri, amene anzake amamuchula Zee. Koma dzina loyamba la seweroli linali Mama K's Team 4, ndipo zimenezi zikutiuza mwini gulu weniweni. Mau a Mama K m'Cingelezi amalankhula ndi Pamela Nomvete, amene ena a inu mungamukumbukire m'sewero la Generations la ku South Africa.

Nthawi yoyamba: maso amene anaona zimene ena sanaone

Mama K ndi kazitape wopuma pa nchito. Ukalamba unawapeza, koma mtima wofuna kuchinjiriza anthu sunawathere. Tsoka litagwa mu mzinda, atsikana anai aja, amene sanali ngakhale pa ubwenzi weniweni, anathandiza anthu molimba mtima, aliyense mwa njira yake. Mama K anaona zimenezo, nawaitana.

Tiyeni tione amene anawasankha. Komana ndi wanzeru pa zopangapanga. Monde ndi mlendo pa sukulupo, katswiri wozunguza ndodo ya mamajoreti. Zee ndi wa mpira wamiyendo. Temwe ndi wopepuka thupi, wokonda kudya, ndiponso sacedwa kupezeka m'milandu ya kusukulu. Munthu wina akadangoona ana aphokoso. Mama K anaona mphatso zinai zosiyana zimene zikanatha kukhala cinthu cimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambuyawa anadekha. Kodi ife, tikamuona mtsikana wovuta m'mudzi mwathu, timayamba taona ciani: colakwa cake kapena mphatso yake?

Nthawi yaciwiri: cinsinsi ca pansi pa malonda

Kwa anthu odutsa, Mama K ndi mai wogulitsa zipatso ndi ndiwo zamasamba, wokhala ndi mbuzi yao yochedwa Chomps. Palibe amene angawayang'ane kawiri. Koma atsikana aja atalowa kuseri, anapeza kuti malo a malondawo abisa likulu la nchito yaukazitape, mmene muli makina ndi kompyuta yolankhula yochedwa T.O.M.I.

Ana amene tinaonera nawo anaseka ndi kuwomba m'manja. Ife akulu tinakhala cete pang'ono, pakuti tinakumbukira amai amene timawapitirira tsiku ndi tsiku pa msika, atakhala kuseri kwa milu ya tomato ndi repu. Wina mwa iwo analera ana amasiye asanu. Wina anali mzamba wa mudzi wonse cipatala cisanafike pafupi. Wina amadziwa caka cimene madzi a Luangwa anasefukira ndi kumene anthu anathawira, ndiponso njira zimene makolo ankapirikitsira njovu m'minda. Pansi pa thebulo lililonse la malonda pali cipinda cobisika cotere. Timalephera kucipeza cifukwa sitifunsa.

Nthawi yacitatu: kupulumutsa mzinda ndi thumba loperewera

M'nthano za kunja, ngwazi zambiri zimakhala ndi cuma cosawerengeka. Mama K alibe cuma cotero. Amene anakonza seweroli ananeneratu poyera kuti gululi likupulumutsa dziko ndi ndalama zocepa. Cimene mwana aliyense ali naco kale ndico cimasanduka cida cake: ndodo ya Monde, mpira wa Zee, kupepuka kwa Temwe, ubongo wa Komana. Maina ao a pa nchito nawonso ndi a kwathu kuno. Komana ndi K-Bongo, Temwe ndi T-Mlilo, Monde ndi M-Kozo, ndipo Zee ndi Za-Mpezi, dzina lotikumbutsa mphezi.

Apa ndi pamene Mama K anatifika pamtima ife a kucigwa. Timadziwa kuti kudikira thandizo la kutali n'kudikira mvula ya mu October. Mai amene amasoka yunifomu ya mwana kucokera ku nsalu yakale, kapena bambo amene amakonza njinga ndi waya, angamvetse bwino nzeru za ambuyawa. Iwo sauza atsikana kuti adikire kufikira atalemera. Amawauza kuti ayambe ndi cimene cili m'manja mwao.

Nthawi yacinai: kulola ana kuti apite patsogolo

Cina cimene sitingaiwale ndi malo amene Mama K amadzisankhira. Nkhondo ikabuka, kawirikawiri iwo amatsala ku likulu, akupereka malangizo, pamene atsikana ali pakati pa zoopsa. Akakangana amawadzudzula, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo nthawi yonseyi atsikanawa akadali ana a sukulu: mayeso, nchito ya kunyumba ndi aphunzitsi aakulu zikuwadikira m'mawa mwake.

Si capafupi kwa munthu wamkulu wodziwa zinthu kuima pambali ndi kulola mwana kuti ayese, alakwitse, ayesenso. Ambiri a ife timasankha cimodzi mwa ziwiri: kumulanda mwana khasu kuti tilime tokha, kapena kumusiya m'munda yekha osamuonetsa kagwiridwe kake. Mama K sacita ziwiri zonsezi. Amakhala pafupi kuti mau ao amveke, koma patali pokwanira kuti nchito ikhale ya anawo.

Nthawi yacisanu: zakale zikabwerera

Mdani wamkulu m'seweroli ndi Lee Magedzee, mwini kampani ya magetsi, wooneka waulemu ndi wopatsa pamaso pa anthu, koma mseri ndiye cigawenga cochedwa Bad Magz. Wolankhula Cinyanja aliyense angamve mau akuti magetsi m'dzina lakelo. Kuzimazima kwa magetsi kumene kumasautsa Lusaka wa m'nthanoyi si kwacilendo kwa ife. Tinakuona m'caka ca 2015, m'caka ca 2019, ndiponso koposa m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba ndipo boma linalengeza kuti dziko lili pa tsoka.

Nkhani ikamapitirira, timazindikira kuti cidani ca munthuyu cinamera pa nchito yakale ya Mama K. Zimene zinacitika atsikanawa asanabadwe ndizo zikuwaika pa ngozi lero. Apa ambuya athu aja saonekanso ngati munthu wosalakwa ndi wodziwa zonse. Ndi munthu wosenza katundu wa zaka zambiri, amene sanaulule zonse pa nthawi yake. Phunziroli ndi lowawa kwa ife akulu. Mikangano ya minda, maukwati amene anatha moipa, mau amene tinalankhula pa maliro: zonsezi tikazikwirira, ana athu ndiwo amadzazifukula osadziwa ciyambi cake.

Kodi nthano yopeka ingasinthe kanthu?

Ena adzati awa ndi makatuni cabe. Koma taonani citsanzo ici. M'caka ca 1966, sewero la ku America lochedwa Star Trek linaonetsa mai wakuda, Nichelle Nichols, akusewera ngati Uhura, mmodzi wa akuluakulu a combo ca mumlengalenga. Mtsikana wina wamng'ono, Mae Jemison, ankaonera. M'caka ca 1992 iye anakhala mai wakuda woyamba kupita mumlengalenga, ndipo ananena yekha kuti Uhura anamulimbitsa mtima. Cimene mwana amaona cimakulitsa kapena kucepetsa cimene amaganiza kuti angakhale.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yaikulu. Kuyambira mu January 2022, maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere kufikira giredi 12, ndipo mu December 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 usaloledwe, ngakhale wa mwambo. Koma lamulo lokha silingamuperekeze mtsikana ku sukulu m'mawa. Pafunika munthu wamkulu pafupi naye, wonena kuti: iwe uli ndi mphatso, usaitaye. Alangizi athu ali ndi mphamvu imeneyi m'manja mwao. Funso ndi lakuti mtsikana akatuluka m'manja mwao amatuluka akuyang'ana kuti: ku kalasi kapena ku banja la msanga?

Mau otsiriza

Sitikunena kuti banja lililonse lifunefune seweroli. Limafuna intaneti ndi ndalama, mulinso ndeu zimene ana aang'ono afunika kuonera ali ndi wamkulu pambali. Ndipo kunena zoona, ana a ku Mambwe safunika kupita ku Lusaka wam'tsogolo kuti akapeze Mama K. Ali pa msika, ali pa cigayo, ali pa khonde la nyumba yoyandikana nayo.

Cotero tikupempha zinthu ziwiri. Inu atsikana ndi anyamata, sabata ino khalani pansi ndi ambuya amodzi, muwafunse zimene anaona ndi zimene anacita ali pa msinkhu wanu. Mau a akulu akoma akagonera, koma sangagonere ngati sanamvedwe. Ndipo inu ambuya, yang'anani bwino ana amene amadutsa pa thebulo lanu la malonda. Mwina anai a iwo akungodikira kuti muwaitane.