Kabotolo kuseri kwa thumba la ufa

Ku komboni ya George mu Lusaka, mzere wa zigubu pampopi umayamba kusanache. Bambo akadutsa akudzandira, anthu amangoseka n'kumati dzulo kunali malipiro. Koma mayi akamveka fungo la kachasu, mbiri imafika ku komboni ya Lilanda chigubu chisanadzaze. N'chifukwa chake mayi amene mowa wamugwira amamwera kuchipinda, kabotolo atabisa kuseri kwa thumba la ufa, ndipo matenda ake amakula osaoneka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mowa umam'pweteka msanga iyeyo. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa kuyerekeza ndi la mwamuna wolemera chimodzimodzi, kotero kapu imodzi yomweyo imasiya mowa wambiri m'magazi mwake, chiwindi n'kuwonongeka mofulumira. Mu ubongo, mowa umatulutsa dopamine, amene amauza munthu kuti abwererenso kukapu. Pakapita nthawi samweranso chisangalalo, amamwera kuti mtima ukhale m'malo. Bungwe la WHO likuti matenda ovutika maganizo amagwira akazi kwambiri kuposa amuna, ndipo pamenepa m'pamene maganizo ndi botolo zimagwirana manja.

Komabe za akazi sizidafufuzidwe mokwanira, poti kwa zaka zambiri asayansi ankaphunzira ubongo makamaka pa makoswe aamuna. Mu 2016 bungwe la NIH ku America lidayamba kufunsa ofufuza amene limawapatsa ndalama kuti aziganizira zazimuna ndi zazikazi zomwe. Achinyamata amene akulowa m'ntchitoyi lero ali ndi munda waukulu wosalimidwa.

Kuno kwathu, Pulofesa Nkandu Luo adaletsa tujilijili, timapepala ta mowa waukali, mu 2012 ali nduna, koma ludzu silidathe ndi timapepala tija. Chipatala cha Chainama nacho ambiri amachiopa, poti dzina lake likatchulidwa anthu amamva misala.

Chiyembekezo chidachokera m'makomboni momwemo. Kafukufuku wa VATU, wofalitsidwa mu 2020, adatsata mabanja 248 m'makomboni atatu a Lusaka. Alangizi wamba ophunzitsidwa ankakhala pansi ndi mwamuna payekha, mkazinso payekha, kukambirana za mowa, nkhanza ndi maganizo pamodzi. Kumwa mopyola muyeso kwa amuna kudachepa, nkhanza kwa akazi nazo zidatsika.

Mayi wa kabotolo uja akufunika wina wom'mvetsera chotero. Mawa pampopi, m'malo monong'onezana, mnzake angom'kokera pambali n'kumufunsa kuti, "Amake mwana, kodi usiku mukumagona tulo?"